David Livingstone ndi Ankhondo a Pfuko Lace

Palibe mwana wa sukulu m'dziko lino la Malawi amene sanamve dzina la David Livingstone. Mzinda wa Blantyre unachedwa dzina la mudzi umene iye anabadwiramo, ndipo misyoni ya Livingstonia inachedwa dzina lace lenileni. Anthu ambiri amdziwa monga sing'anga ndi mlaliki woyenda maulendo atali. Koma ocepa adziwa kuti munthu wa mtendere ameneyu anabadwira m'pfuko la ankhondo, ndi kuti mwana wace woyamba anafera m'ndende ya nkhondo, kutsidya kwa nyanja yamcere. Mbiri iyi ifotokoza za iye pamodzi ndi makolo ace, mwana wace ndi adzukulu ace, kuti muone umo dzina limodzi linasenzedwera ndi anthu osiyana mitima.

1. Makolo ace

Makolo a Livingstone anali anthu a kumapiri ndi kuzisumbu za dziko la Scotland. Anthu a kumeneko anakhala m'mafuko, pfuko liri lonse ndi mfumu yace, ndipo mfumu ikaitana ku nkhondo amuna onse ananyamuka. M'caka ca 1745 kunafika mnyamata wa banja la mafumu akale, dzina lace Charles Stuart, kudzafuna ufumu wa Britain umene agogo ace anacotsedwapo. Mafuko ambiri a kumapiri anamtsata. Pa 16 Epulo 1746 anakomana ndi asilikari a boma pa dambo la Culloden. Anthu a kumapiri anathamangira adani ao ndi malupanga m'manja, koma mizinga ndi mfuti zinawagwetsa, ndipo ora limodzi lisanathe nkhondo inatha. Livingstone mwini analemba m'buku lace loyamba kuti atate wa agogo ace anagwa pa nkhondo imeneyo.

Agogo ace, a Neil Livingstone, anali mlimi pa kacisumbu kochedwa Ulva. Munda unawacepera, popeza ana anali ambiri. Tsono m'caka ca 1792 anasamuka, nakakhala ku Blantyre, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, kumene kunali nyumba yaikuru ya makina opota thonje. Eni nchito anawakhulupirira kwambiri, kotero kuti anawatuma kunyamula ndalama zambiri kucokera ku mzinda wa Glasgow. Madzulo nkhalambayo inasimbira adzukulu ace mbiri za makolo. Mbiri imene David sanaiiwale inali ya kholo lina, limene pakufa linaitana ana ace, niliwauza kuti linafufuza m'pfuko lonse osapezamo munthu wonyenga, niliwalangiza kuti akhale oona mtima.

Masiku amenewo Angelezi analikumenyana ndi Afalansa, amene mtsogoleri wao anali Napoleon. Nkhondo imeneyo inatenga zaka zambiri, nitha m'caka ca 1815 pa Waterloo. Abale a atate wa David analowa nchito ya mfumu, ena asilikari a pamtunda, ena a m'zombo za nkhondo. Atate wace okha, amene dzina lao linalinso Neil, anatsala pa mudzi. Anayenda khomo ndi khomo kugulitsa tiyi, nagawira anthu timabuku ta Mau a Mulungu, naphunzitsa ana pa sukulu ya Sabata. Cotero mwanayo anakula akuona njira ziwiri pa banja limodzi: njira ya lupanga ndi njira ya buku.

2. Mnyamata wa ku makina a thonje

David anabadwa pa 19 Malici 1813. Atafika zaka 10 analowa nchito ku makina, ndipo nchito yace inali kulumikiza ulusi ukaduka. Anayamba 6 koloko m'mawa, naweruka 8 koloko usiku. Ataweruka anapita ku sukulu maora awiri, nabwera kudzawerenganso kunyumba kufikira amace anamlanda buku. Thonje lambiri limene linapotedwa m'nyumba zotere linalimidwa ndi akapolo akuda m'minda ya ku America. Mukumbukire cimeneci, pakuti thonje ndi ukapolo zidzaonekanso m'mbiri iyi.

Atakula anaphunzira za mankhwala ku Glasgow, nadzipereka ku bungwe la London Missionary Society. Mtima wace unali ku China. Koma m'caka ca 1839 kunabuka nkhondo pakati pa Angelezi ndi anthu a ku China, ndipo njira inatsekeka. Ali cidikire, anakomana ndi Robert Moffat, mlaliki wochuka wa ku Kuruman, ku South Africa, amene anatembenuza Buku Lopatulika m'cinenero ca Setswana. Moffat anamuuza za midzi yambiri ya kumpoto kumene mlaliki sanafikeko. Cotero nkhondo ya ku China inatembenuza mapazi a Livingstone, ndipo m'caka ca 1841 anafika ku Africa.

3. Ku Mabotsa ndi ku Kolobeng

M'caka ca 1844, pa mudzi wa Mabotsa, mkango unamgwira nuphwanya pfupa la mkono wace wamanzere. Mphunzitsi wa ku Africa konkuno, dzina lace Mebalwe, anayesa kuuombera. Mkangowo unasiya Mzunguyo, nulumphira iye, numluma. Onse awiri anacira. Caka cotsatira Livingstone anakwatira Mary, mwana wa Moffat, ndipo m'caka ca 1846 anaona mwana wamwamuna, namucha Robert, dzina la agogo ace.

Banjalo linakhala ku Kolobeng, m'dziko limene lero lichedwa Botswana, pakati pa anthu a mfumu Sechele. Kawiri konse Livingstone anatenga mkazi wace ndi ana pa ngolo za ng'ombe kulowa m'cipululu ca Kalahari. Pa ulendo wa 1851 madzi anawathera masiku angapo, ndipo ana anatsala pang'ono kufa ndi ludzu. Pamenepo anaona kuti sangathe kuyenda nao. Tsono m'caka ca 1852 anawakweza combo ku Cape Town kunka ku Britain. Robert anali wa zaka 6.

Caka comweco Azungu ochedwa Mabunu anathira nkhondo anthu a Sechele, napha ambiri, natenga akazi ndi ana kukawagwiritsa nchito. Anathyolanso nyumba ya Livingstone, nang'amba mabuku ace, naphwanya mankhwala ace. Iye sanafune kubwezera. Analunjika kumpoto kukafuna njira yoti malonda abwino ndi Uthenga Wabwino zilowerepo, kuti malonda a anthu athe. Mfumu Sekeletu ya Akololo inampatsa amuna omperekeza. Anafika ku Luanda, ku nyanja ya kumadzulo, m'caka ca 1854. Anaona mathithi a Mosi-oa-Tunya m'caka ca 1855. Natulukira ku Quelimane, ku nyanja ya kum'mawa, m'caka ca 1856. Dzina lace linamveka m'maiko onse a Azungu.

4. Magoli pa mudzi wa Mbame

M'caka ca 1859 Livingstone anakwera mtsinje wa Shire, naona nyanja ya Chilwa, ndipo m'mwezi wa Sepitembala anafika pa nyanja yaikuru imene lero ichedwa Nyanja ya Malawi. Anapeza dziko lokoma, la anthu olima thonje ndi osula zitsulo, koma lopasuka ndi malonda a akapolo.

M'mwezi wa Julayi 1861 anali pa mudzi wa mfumu Mbame pamodzi ndi Bishopu Charles Mackenzie ndi anthu ace. Pomwepo panatulukira mzere wa amuna, akazi ndi ana omangidwa, amene ogula anthu analikunka nao ku Tete. Oyendetsa akapolowo ataona Azungu anathawira kuthengo. Livingstone ndi anzace anadula zingwe, naceka magoli ndi sowo, namasula anthu 84. Mwa anthu omasulidwa masiku amenewo munali kamnyamata ka Ciyao, dzina lace Chuma. Musaiwale dzina limeneli.

Patapita masiku owerengeka anakomana ndi gulu la Ayao ena amene analikutentha midzi ya Amang'anja ndi kugwira anthu. Livingstone anafuna kulankhula nao, koma mibvi inayamba kugwa, ndipo anthu ace anaombera mfuti, nafa anthu ena. Cinthu ici cinamwawa mtima, pakuti anayenda zaka 20 m'Africa osamenyana nkhondo yotere. Anthu omasulidwa aja anakhazikidwa pa Magomero, pa misyoni ya Bishopu. Koma misyoniyo sinakhalitse. Mackenzie anafa ndi malungo m'Januwale 1862, ndipo pa 27 Epulo caka comweco Mary Livingstone anamwalira pa Shupanga, m'mbali mwa Zambezi, naikidwa patsinde pa mlambe.

5. Msilikari wobisa dzina

Tsono tibwerere kwa Robert. Mwana uyu anakula osaona atate wace koma kanthawi kocepa. Analeredwa m'manja mwa abale ndi aphunzitsi, nasinthasintha masukulu, nakhala wosamvera ndi wothawathawa. Anthu pomuona anayembekeza zazikuru cifukwa ca dzina la atate wace, ndipo dzinalo linamlemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi. Makalata a atate wace ocokera ku Zambezi anali a cidzudzulo kopambana a citonthozo.

Amace atamwalira, Robert anakwera combo m'caka ca 1863 kunka ku Natal, kuti akapeze njira yofikira kwa atate wace. Koma analibe ndalama, ndipo njira ya ku Zambezi sinapezeke. Analowa nchito ya m'zombo, ndipo combo cina cinamfikitsa ku Boston, m'dziko la America.

Dziko limenelo linali pa nkhondo yaikuru ya pacibale, imene inayamba m'caka ca 1861. Zigawo za kumwera zinali ndi akapolo akuda pafupifupi 4,000,000, ambiri a iwo olima thonje, ndipo zinafuna kupatuka kuti zisunge ukapolo. Zigawo za kumpoto, pansi pa Abraham Lincoln, zinakana kuti dziko ligawike, ndipo m'caka ca 1863 Lincoln analengeza kuti akapolo a m'zigawo zopandukazo ali mfulu. Robert analembedwa m'gulu la asilikari a kumpoto la cigawo ca New Hampshire. Koma sanalembetse dzina lace. Anadzicha Rupert Vincent.

Ali ku nkhondoko analembera atate wace kalata. Anafotokoza kuti anasintha dzina kuopa kucititsa manyazi dzina la banja. Anabvomera kuti anataya mwai wa maphunziro, namva cisoni. Ananenanso kuti sanaphe munthu mwadala, pakuti poombera analozetsa mfuti yace m'mwamba, ndipo pothamangira adani anaugwira mtima, nagwira amoyo amene anagonja.

Pa 7 Okotobala 1864, pa nkhondo ya pafupi ndi mzinda wa Richmond, Robert anabvulala nagwidwa. Anamtengera ku ndende ya Salisbury, m'cigawo ca North Carolina. Ndende imeneyo kale inali nyumba ya makina a thonje, yonga ija atate wace anagwiramo nchito ali mwana. Munadzaza andende pafupifupi 10,000, ambiri ogona panja m'nyengo yozizira, opanda zopfunda ndi cakudya cokwanira. Robert anafa pa 5 Disembala 1864, asanakwanitse zaka 19. Akufa a m'ndendemo anaikidwa pamodzi m'maenje atali m'munda wakale wa cimanga, ndipo palibe munthu angaloze pamene iye agona. Caka cotsatira nkhondo inatha, itapha anthu oposa 600,000, ndipo ukapolo unaletsedwa m'dziko lonse la America.

Akuru anati cibale ndi pfupa, siciola. Mwana amene anthu anamuyesa wotayika anafera mbali yomweyo imene atate wace anaimapo moyo wao wonse. M'zaka zace zotsiriza Livingstone analemba kuti cinthu cimodzi cinammvetsa cisoni pokumbukira Kolobeng: anatanganidwa ndi kuphunzitsa anthu ena, osapatula nthawi ya kusewera ndi ana ace ali ang'ono.

6. Ulendo wotsiriza

M'caka ca 1866 anabweranso ku Africa, napita kumwera kwa nyanja yathu, nalowera kumadzulo ndi kumpoto kufunafuna magwero a mtsinje wa Nile. Pa 15 Julayi 1871, ali pa Nyangwe m'dziko la Congo, anaona anthu a ogula akapolo alikuombera khamu pa msika. Anthu mazana anafa, ambiri a iwo akazi, ena ndi zipolopolo, ena pomira mu mtsinje wa Lualaba. Livingstone anali wodwala ndi wopanda mphamvu ya kuletsa. Cida cimene anatsala naco cinali colembera. Mapepala ndi inki zinamthera. Tsono analemba pa nyuzipepala yakale ndi madzi a zipatso. Henry Stanley, amene anampeza pa Ujiji caka comweco, anatenga makalata ace kunka nao ku Britain, ndipo anthu atawerenga anapfuulira boma lao kuti licitepo kanthu.

Pa 1 Meyi 1873, pa mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko limene lero lichedwa Zambia, anyamata ace anampeza atafa, ali cogwada pambali pa kama wace. Anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo wa mpundu, umene kuno uchedwa muula. Pamenepo Susi ndi Chuma, kamnyamata kaja komasulidwa m'caka ca 1861, anatsogolera anzao kunyamula mtembo miyezi 9, mtunda woposa mailosi 1,000, kufikira ku Bagamoyo. Ku London asing'anga anauzindikira ndi pfupa lija lophwanyidwa ndi mkango. Anaikidwa mu Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874, mpongozi wace Robert Moffat, nkhalamba ya imvi, ali pomwepo.

Patangopita milungu yowerengeka cifere iye, m'mwezi wa Juni 1873, mfumu ya ku Zanzibar inatseka msika wace waukuru wa akapolo. Koma kuno ku nyanja malondawo anapitirira zaka zina, ndipo sanathe popanda mfuti, kufikira Mlozi anagonjetsedwa ku Karonga m'caka ca 1895.

7. Adzukulu awiri

Akuru anati m'mimba ndi m'cipala, mutuluka makasu ndi mikondo yomwe. Taonani adzukulu awiri a Livingstone, onse awiri anthu amene anaona Nkhondo Yaikuru ya 1914 kufikira 1918.

Woyamba ndiye Alexander Livingstone Bruce, mwana wa Agnes. Banja lace linagula dziko lalikuru pa Magomero pomwe paja agogo ace anakhazika akapolo omasulidwa. Iye anali mkuru wa asilikari, ndiponso mwini minda ya thonje. Pa minda imeneyo anthu anagwira thangata yowawa, ndipo sukulu ndi nyumba zopemphereramo za mbusa John Chilembwe zinaletsedwa, zina nizitenthedwa. Chilembwe anadandaulanso kuti anthu akuda alikufa pa nkhondo ya Azungu imene sanaiyambe ndiwo. Pa 23 Januwale 1915 anthu ace anaukira, napha woyang'anira mindayo, amene nayenso anali ndi dzina la Livingstone. Cotero pa malo amene dzinalo linadulapo magoli, anthu analimva ngati goli.

Waciwiri ndiye Hubert Wilson, mwana wa Anna Mary, cirizira wa Livingstone. Iye anaphunzira za mankhwala monga agogo ace, nakagwira nchito pa misyoni ya Chitambo, m'dziko lomwe munakwiriridwa mtima wa agogo acewo. Pa nkhondo ija anatumikira monga sing'anga wa asilikari, womanga mabala a olasidwa, ndipo itatha anabwerera kukaciritsa odwala a ku midzi.

8. Cimene mbiri iyi iphunzitsa

Pfuko ili linali la anthu olimba mtima. Kholo linagwa ndi lupanga pa Culloden; abale a atate anamenyana ndi Afalansa pamtunda ndi panyanja; David anamenyana ndi ukapolo ndi mapazi ace ndi colembera cace; Robert anabisa dzina cifukwa ca manyazi, koma analilemekeza ndi imfa yace; mdzukulu wina analibvala poyera, nalidetsa ndi nkhanza; wina analisunga ndi nchito ya cifundo. Nayenso David sanali wopanda cirema, pakuti ana ace analipira mtengo wa maulendo ace.

Ana inu, ambiri a inu muli ndi makolo amene ananyamula mfuti kapena akatundu a tengatenga pa nkhondo za kale. Ena muli adzukulu a mafumu, a aphunzitsi kapena a akuru a mpingo. Funsani nkhalamba za pa mudzi panu zikusimbireni mbiri zao zisanapite, ndipo muzisunge bwino. Koma dziwani kuti dzina la makolo liri ngati munda wamasiye. Wolandira munda wabwino akagona, mumera tsekera. Ndipo wolandira kamunda ka pamiyala akalimbika, nkhokwe yace idzala.

Mafunso

1. Nkhondo iti inaletsa Livingstone kupita ku China?
2. Cinacitika nciani pa mudzi wa Mbame m'caka ca 1861?
3. Cifukwa ninji Robert anasintha dzina lace, ndipo anafera kuti?
4. Fotokozani kusiyana kwa adzukulu awiri a Livingstone.
5. Lembani mbiri ya kholo limodzi la pa banja panu, monga akuru akusimbirani.